Kodi udzu ungabweze gombe lomwe nyanja yadya ku Mtakataka?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Mtakataka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, omwe ali mu komiti ya padoko, ija timati BVC. Akuti chikwerereni nyanja mu 2024, gombe lawo likungogumuka, moti matandala a usipa awasuntha kale. Aona pa Facebook anthu akunja akudzala udzu pa zitunda za mchenga, ndiye akufunsa kuti: "Kodi ifenso tingachite zomwezi? Nanga mbande zake tikazipeza kuti?"

Bambo, n'zotheka, koma za mbandezo mudikire kaye.

Zomwe mwaonazo zimayenda motere. Mphepo imanyamula mchenga wouma pagombe, ndipo ikagunda udzu imafooka n'kuutaya pomwepo. Udzu womwe amadzala ku Netherlands, wotchedwa marram, ukakwiririka umaphukanso pamwamba, kenaka n'kukolanso mchenga wina. Chitunda chimakula choncho pang'onopang'ono. Mafunde aukali akabwera amadya chitundacho, nyumba za kumbuyo kwake n'kupulumuka. Ku Senegal anachita ndi mitengo: kuyambira mu 1948 anadzala mzere wautali wa casuarina pakati pa Dakar ndi Saint-Louis, kuti mchenga usakwirire madimba.

Koma kumeneko ndi kunyanja yamchere, komwe madzi amadzadza n'kuphwa tsiku ndi tsiku. Yathuyi imakwera kamodzi pachaka, n'kufika pachimake cha m'ma Epulo kapena Meyi, ndipo imatsika mpaka cha m'ma Novembala kapena Disembala. Potulukira ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, womwenso amaubweza ndi zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Zaka zamvula zikatsatizana, madzi amakhala pamtunda miyezi yambiri, ndipo udzu wa pamchenga sungapirire kumira kotero. Mu 1980 nyanja inakwera kuposa mu 2024. Choncho ntchito yoyamba n'kutenga agogo omwe anaona madzi a chaka chimenecho, akulozereni pomwe anafika, mukhomepo zikhomo. Mitengo idzalidwe kumtunda kwa zikhomozo basi.

M'munsi mwake, chomwe chimagwira gombe lathu ndi bango. Apa ndi pomwe pavuta, chifukwa bangolo timalitha ndife tomwe. Wa khoka amalisadza kuti apeze pokokera, wa mphasa amalidula, wadimba amalitentha, wa malo ogona alendo amalizula kuti pakhale mchenga woyera. Tapitani pomwe bango lidakalipo tsiku lomwe kukuwomba mwera kapena mpoto, muimirire kuseri kwake. Funde limalowa ndi ukali, koma likamafika pamapazi panu limakhala latheratu, zinyalala ndi matope zatsalira m'mapesi. Mukafukula pansi mupeza mizu yolukanalukana ngati mphasa. M'menemonso ndi momwe tiana ta nsomba timabisala. Bango silifuna nazale: kumbani zitsinde pomwe lachuluka, muziwokere pamchenga wonyowa madzi akamatsika, cha m'ma Ogasiti mpaka Okutobala, kuti lipeze nthawi yogwira nyanja isanabwerere.

Pamchenga wouma, mangani timipanda tatifupi ta nthambi kapena mapesi mopingasa mphepo. Musatseke kwathunthu, mphepo izidutsa mofooka. Udzu woyanga womwe umamera wokha pagombepo ndiwo muwokere kuseri kwa mipandayo. Vetiva ndi wabwino pa dothi logumuka ndi m'mbali mwa mitsinje ngati Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi, osati pamchenga woyenda. Kumtunda, msangu ndi mgwalangwa ndi mitengo ya kwanu komweko.

Za mbewu zachilendo ndikuletsani. Ku Cape Town, m'zaka za m'ma 1800, anabweretsa mitengo ya ku Australia, Port Jackson ndi rooikrans, kuti igwire mchenga. Inagwiradi, koma inafalikira n'kupha zomera zakomweko, ndipo mpaka lero akuwononga ndalama kuidula.

Chomwe ndikuona kuti chingakugwetseni si luso lodzala ayi, koma ng'ombe, mapazi ndi ngolo za mchenga. Udzu wa pachitunda ukapondedwa kangapo umafa, pamenepo mphepo n'kuboola mpata. Ndiye musanakumbe dzenje n'limodzi lomwe, khalani pansi ndi a mfumu, eni makoka, amayi owamba nsomba ndi abusa a ng'ombe. Mugwirizane njira ziwiri kapena zitatu zotsikira kunyanja, pokocheza mabwato, pomwetsa ziweto, ndi chigawo chomwe sipadulidwa bango kapena kukumbidwa mchenga. (Wa khoka mukamusiya kunja kwa msonkhanowu, adzasadza usiku.) Lamulo la zausodzi la 1997 limalola kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba ndi malo ake, choncho malamulo anuwo alembedwe, a mfumu asainire, mukawapereke kwa alangizi a zausodzi ndi ku khonsolo ya Dedza. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, lamulo la Mfumu Makanjira lotseka usodzi nyengo yamvula lakhala likumveka kuyambira zaka za m'ma 1950, chifukwa wolakwa amalipa ndithu.

Yambani ndi kachigawo kakang'ono komwe mungathe kulondera. Khomani chikhomo m'mphepete mwa pogumukapo, muzijambula ndi foni mwezi uliwonse mutaima pamalo amodzimodzi. Meyi akadzadutsa, mudzanditumizire zithunzizo, tidzaone ngati m'pofunika kuwonjezera chigawo china.