Kutuma mbale kuti akugulireni puloti muli kunja

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Manchester wandilembera imelo kufunsa ngati angapatse achimwene ake mphamvu zomugulira puloti ku Area 49 mu Lilongwe iye osabwera kumudzi, komanso chimene angachite kuti ndalama zake zisalowe m'madzi.

Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo chikalata chake ndi power of attorney, chimene chimapatsa munthu wina mphamvu zochita zinthu m'malo mwanu. Langizo langa ndi lakuti musasaine chikalata chopereka mphamvu pa katundu wanu yense, chifukwa choterocho chingathe kulola munthu kugulitsa malowo kapena kuwaika chikole ku banki inu osadziwa. Pezani loya wa ku Malawi amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito, zimene mungatsimikize ku Malawi Law Society, kuti alembe chikalata cha ntchito imodzi yokha. Chitchule nambala ya puloti, dzina la wogulitsa, mtengo umene achimwene anu asapitirire, tsiku limene mphamvuzo zidzathe, ndiponso chinene mosabisa kuti umwini ulembedwe m'dzina lanu. Mfundo yotsirizayi ndimaiumirira kwambiri, pakuti mbale akalembetsa malo m'dzina lake ponena kuti mudzasintha mukadzabwera, lamulo limaona iyeyo ngati mwini, ndipo kuwabweza kumafuna khoti.

Musainire pamaso pa notary public (loya wovomerezeka kuchitira umboni kusainidwa kwa zikalata) komweko, kenako chikalatacho chikadindidwe apostille, chidindo chochititsa kuti chikalata chivomerezeke m'dziko lina, ku Legalisation Office ya boma la Britain, popeza Malawi ali nawo m'pangano la ku Hague la 1961 lovomereza chidindo chimenechi. Chikafika kuno, loya akachilembetse ku ofesi ya za malo.

Ndalama zisatuluke loya asanafufuze m'kaundula wa malo kuti wogulitsayo ndiye mwini weniweni, kuti palibe chikole kapena chiletso, ndiponso kuti msonkho wa ku khonsolo ndi lendi ya malo zilibe ngongole. Achimwene anu akafike pamalopo, aone miyala ya malire ndi maso awo, afunsenso oyandikana nawo ngati sanamvepo za mkangano. Ndalamazo zidzere ku akaunti ya loya, osati m'thumba la mbale, ngakhale ali wokhulupirika chotani.

Mukadzafuna kuchotsa mphamvuzo nthawi isanakwane, lembani kalata yozithetsa ndipo loya akadziwitse ofesi imene chikalatacho chinalembetsedwa, chifukwa kuuza achimwene anu pa foni pokha sikukutetezani.