Kwa mayi amene mwafunsa za mwana wofuna kuphunzira za mahotela ku Orlando

Mayi, mwafunsa ngati ndi bwino kuti mwana wanu wamkazi, amene wangomaliza sekondale kuno ku Orlando, ayambire ku community college zaka ziwiri kenako akamalizire hospitality management ku yunivesite, poti achibale akuti kumeneko kumapita olephera. Achibalewo asiyeni alankhule. Pa satifiketi ya digiri pamalembedwa dzina la yunivesite imene wamalizirako basi, ndipo wolemba ntchito ku hotela sadzafunsa kuti chaka choyamba anali kuti.

Ndipotu muli pamalo abwino. Valencia College, community college ya konkuno, ili pa mgwirizano ndi University of Central Florida (UCF) wotchedwa DirectConnect, umene unayamba mu 2006: wophunzira akamaliza ku Valencia associate degree (digiri ya zaka ziwiri) yovomerezeka pa mgwirizanowu, malo ake ku UCF amakhala otsimikizika. UCF ndiyo ili ndi Rosen College of Hospitality Management, imene inatsegula kampasi yake mu 2004 ndi thandizo la Harris Rosen, amene anali mwini mahotela konkuno. Nkhani ya ndalama ndi yachidziwikire. Kwa amene akuwerengedwa kuti ndi nzika ya Florida, credit imodzi (muyeso wowerengera makosi) ku Valencia ndi pafupifupi $103, pamene ku UCF imaposa $200. Digiri yonse imafuna ma credit 120, ndiye 60 oyambawo mulipira theka. Ngati ali ndi green card kapena ndi nzika ya America, adzaze msanga FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la maphunziro, mwina angapeze Pell Grant, ndalama zimene sabweza.

Koma pali pamene ambiri amagwera. Madigiri a zaka ziwiri alipo amitundu iwiri, AA (Associate in Arts) ndi AS (Associate in Science). Mwana akaona pa mndandanda kuti pali AS ya Hospitality and Tourism Management, mtima umathamangira pomwepo chifukwa dzina likufanana ndi loto lake. Koma AS inakonzedwera munthu wofuna kuyamba ntchito akangomaliza, pamene AA ndi imene inakonzedwera wopitiriza ku yunivesite, chifukwa imamaliza maphunziro oyambira monga Chingerezi, masamu ndi sayansi. Sindikunena kuti AS ndi njira yotseka, ayi, nayo ili ndi podutsira pake. Kungoti amene waisankha osafunsa amatha kukapeza kuti makosi ena sakuwerengedwa pa digiri yake. Mwana wa mnzanga wina, ku state ina, anataya semesita yathunthu motere, ndalama ndi nthawi yomwe. Choncho asanalembetse kosi ngakhale imodzi, akakhale pansi ndi advisor (mlangizi wa ophunzira pa kolejipo), anene mosabisa kuti cholinga chake ndi Rosen, ndipo apemphe mndandanda wa makosi wolembedwa papepala. Asamangodalira zomwe wauzidwa pakamwa. Semesita iliyonse azibwererako kukaonetsa pamene wafika.

Mumuuzenso kuti maphunzirowa si ophika kapena kuyala bedi, monga ambiri a ife tinkaganizira kwathu. Muli accounting, economics, malamulo, ndi kuwerengera mitengo ya zipinda kuti hotela isagone yopanda alendo komanso isagulitse motchipa pa nyengo ya tchuthi. Ngati masamu amamuvuta, bola alimbane nawo ku Valencia, kumene makalasi ndi ang'onoang'ono ndipo mphunzitsi angamudziwe dzina.

China chimene ndingaumirire n'chakuti ayambe kugwira ntchito chaka choyamba chomwecho, ngakhale masiku awiri pa sabata. Orlando yadzaza ndi mahotela, Disney World, Universal, ndi misonkhano ya ku Orange County Convention Center. Ayime pa front desk, amve mmene mlendo amakalipira usiku pamene chipinda chake sichinakonzedwe, agwire pa Khirisimasi anzake ali pa phwando. Ena akatero amazindikira kuti ntchitoyi si yawo, ndipo ndi bwino kuzindikira uli ndi AA imene ingakulowetse ku business kapena kwina kulikonse. Ena amaikonda kotheratu, ndipo akamafika ku Rosen, kumene internship ndi mbali ya digiri, amakhala ali kale ndi manejala wowadziwa.

Za kukhala nzika ya Florida zija, amafuna umboni woti mwakhala ku Florida miyezi 12, ndipo poti mwanayo adakali m'manja mwanu, mapepala amene akayang'ane ndi anu: laisensi yoyendetsera galimoto, kalembera wa galimoto ndi zina zotero. Asonkhanitseni panopa.