Ku sekondale anali dolo, nanga bwanji ku koleji akungokhala pa benchi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Indiana, ku America. Mwana wawo wamkazi adapeza sikolashipu ya basketball pa yunivesite ina ya Division I (gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji), koma chiyambire ligi mu Novembala amangolowa mphindi zinayi kapena zisanu. Mayiwa akufunsa kuti: kodi kochi akumuda? Ndimuuze asamuke?

Pepani mayi. Zimawawa kuyendetsa galimoto maola ambiri, n'kukangoona mwana atakhala, thaulo lili m'khosi. Komabe chidani ndikukayika.

Mpira umene adauzolowera si umene waupeza. Ku sekondale chigawo chimakhala cha mphindi 8, ku koleji 10. Mzere wa mapointi atatu ku sekondale unali pa mamita 6.02, ku koleji uli pa 6.75. Timu ili ndi masekondi 30 okha kuti iponye, pomwe m'zigawo zina za America ana a sekondale amasewera popanda wotchi yotere. Womutchinga naye salinso kamtsikana ka m'kalasi, ndi ntchembere ya zaka 22 imene yakhala ikunyamula zitsulo zaka zinayi.

Koma chimene chimakhazika ana a chaka choyamba pansi, nthawi zambiri, ndi difensi. Ku sekondale dolo amaloledwa kupumira potchinga chifukwa akamwetsa mapointi. Ku koleji ukachedwa phazi limodzi, kapena osafuula kuti mnzako adziwe kuti kumbuyo kukubwera munthu, mawa lake kochi amaimika kanema pamalo pomwepo timu yonse ikuona. Kuponya mwana wanu amatha, n'chifukwa chake adamutenga. Chimene kochi sadakhutire nacho n'chakuti, mpira ukakhala kwa adani, iye amaima pati.

Takumbukirani MiLaysia Fulwiley, yemwe ankasewerera yunivesite ya South Carolina. Atangoyamba mu Novembala 2023, kanema wa luso lake adafala dziko lonse. Mwezi womwewo usanathe, kochi wake Dawn Staley adamuseweretsa mphindi zitatu zokha polimbana ndi North Carolina, nkhani yake ya kutchinga yomweyi. Pofika Malichi 2024, mtsikana yemweyo adamwetsa mapointi 24 pa fainolo ya ligi yawo ya SEC polimbana ndi yunivesite ya LSU n'kusankhidwa wosewera wopambana. Mnzake Tessa Johnson, wa chaka choyamba nayenso, adachokera pa benchi n'kumwetsa 19 pamene adagonjetsa Iowa ya katswiri Caitlin Clark 87-75 n'kutenga chikho cha dziko lonse.

Amene amatisokoneza ndi a Paige Bueckers, yemwe mu 2021 adatenga mphoto ya Naismith, ya wosewera wopambana m'makoleji onse, ali m'chaka choyamba, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa mpira wa amayi. Kholo lililonse limayamba kuyezera mwana wake pamenepo. Musatero.

Palinso kutopa kumene pa foni sakuuzani. Lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, limati zamasewera zisapitirire maola 20 pa sabata, koma maulendo ndi kukaonana ndi azachipatala sizilowa m'chiwerengerocho, ndipo makalasi sadikira. Mukamuimbira, funso loyamba lisakhale la mphindi. Mufunseni ngati wadya ndiponso wagona maola angati.

Za kusamuka, njira ilipo, ndipo kuyambira 2021 wosamuka sakhalanso chaka chathunthu osasewera. Fulwiley mwiniyo adapita ku LSU mu 2025, atatha zaka ziwiri. Kungoti khomo lomwe mwana wanu angatulukire ndi lomwenso makochi amalowetsera osewera okhwima kale, choncho kumene angapiteko akhoza kukapeza benchi ina ikumudikira. Ine ndikadakhala inu ndikadadikira ligi ithe. Pakadali pano apite yekha, osati inu mayi, kwa wothandizira kochi, akapemphe kuti aonere limodzi kanema wa mphindi zisanu zomwe amalowazo, ndipo amuuze zinthu ziwiri zoti akonze. Mukadzandilemberanso mu Malichi, mudzandiuze zimene adamuyankha.