Mwana akusewera bwinobwino, nanga MRI ndi yachiyani?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene madokotala akufunira kujambula mtima wa mwana wake ndi MRI (makina ojambula zam'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito), pomwe mwanayo, amene anachitidwa opaleshoni ya Tetralogy of Fallot (vuto la mtima lobadwa nalo) zaka 8 zapitazo, akumenya mpira ngati anzake. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa inenso ndinalifunsapo, ndipo ndinalifunsa mokalipa.

Mwana wanga wamkazi, amene anabadwanso ndi vuto lomweli, ankati akangoyenda pang'ono, milomo ndi zikhadabo zinkachita bii, kenako ankanyonyomala pakhonde kudikira kuti mpweya ubwerere. Titabwerako ku India kumene anakamuchita opaleshoni, ndinatsekera mapepala onse m'sutikesi, ndipo kwa zaka 4 sitinapondeko kuchipatala. Tsiku limene tinapitako chifukwa cha chifuwa wamba, dokotala anamujambula ndi echo (makina oonera mtima pogwiritsa ntchito mafunde a mawu), nanditembenuzira kompyuta kuti ndione magazi akubwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mtima ukagunda.

Pochita opaleshoniyi amatseka bowo la pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima ndi kukulitsa njira yopita kumapapo, koma kawirikawiri valavu ya panjirayo, kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, imatsala yosatseka bwino. Magazi obwererawo amafutukula chipinda chakumanja pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mwana osamva kalikonse. N'chifukwa chake mawu akuti "wachira" sindiwalolanso pakhomo panga, ngakhale anenedwe ndi achibale amene anatisonkhera ndalama za ulendo. Kuchokera mu 1944, pamene akatswiri azachipatala Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas anayamba kupulumutsa ana otere ku Baltimore, m'dziko la America, luso lakula kwambiri, komabe mtima wokonzedwa umafuna kuunikidwa moyo wonse.

Nanga echo siikwanira?

Chipinda chakumanja chili kuseri kwa fupa la pachifuwa, choncho echo siichiona chonse, makamaka mwana akamakula. MRI imayeza kukula kwake ndi kuchuluka kwa magazi obwerera, ndipo manambala amenewo ndi amene amathandiza madokotala kudziwa nthawi yoika valavu yatsopano mtima usanafooke. Ilibe cheza chonga cha CT (makina ojambula ndi X-ray), koma imatenga pafupifupi ola, ili ndi phokoso, ndipo mwana amauzidwa kugwira mpweya kangapo. Wanga anayeserera kunyumba atagona pamphasa. Pitani naye, Mayi, mutenge lipoti la opaleshoni, ndipo ngati anamuika pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino) muwauze madokotala asanalowe m'makinawo.