Zikho zinayi za Maule mu 2023: yankho kwa bambo wa ku Chinamwali

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali, amene akuti wakhala akuchemerera Red Lions kuyambira ali mnyamata. Akuti pamalo pomwe amachezera ndi anzawo pali mkangano womwe sukutha, wa chaka cha 2023 chomwe FCB Nyasa Big Bullets, Maule, inatenga ligi ndi zikho zonse zitatu. Ena akuti oimbira ankaikondera, ena akuti matimu anzake anali mtulo, ena akuloza kwa asing'anga. Bambowa akufuna kumva maganizo anga, komanso akufunsa ngati timu ya kuno ku Zomba ingadzachiteko zotere.

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Tiyambe ndi zomwe zinatengedwazo, chifukwa pamikangano yotere anthu amasakaniza zaka.

Ligi ya TNM, yomwe inkayendetsedwa ndi bungwe la Sulom, inali ndi matimu 16, ndiye kuti timu iliyonse inasewera masewero 30. Bullets inaitenga kachisanu motsatizana, kuyambira 2018, kenako 2019, 2020/21, 2022 ndi 2023, ndipo aka kanali ka 17 m'mbiri ya timuyi. Chikho cha FDH Bank inachitenga itaswa Mafco, asilikali a ku Salima, 3-0 mu ndime yotsiriza. Chikho cha Castel chinali chatsopano chaka chimenecho, ndipo Maule anachitenga pa mapenate atalimbana ndi Silver Strikers. Cha Airtel Top 8 chinachedwa chifukwa cha mkangano womwe unabuka pa masewero a Silver ndi Wanderers, moti ndime yotsiriza inaseweredwa mu January 2024, Bullets n'kukumananso ndi Mafco yomwe ija n'kuigonjetsanso.

Chomwe chimandichititsa chidwi pa chaka chimenechi n'chakuti ligi ndi chikho zimafuna zinthu zosiyana, ndipo kawirikawiri timu imene ili ndi chimodzi imaperewera pa chinzake. Ligi ili ngati munda: nkhokwe ndiyo imaulula amene anapalira nthawi yake, ndipo simungainamize ndi khama la tsiku limodzi. Imafuna kuti mukapita ku Karonga, basi itakutopetsani usiku wonse, dzuwa likuswa mtengo, mubwereko ndi pointi ngakhale imodzi. Imafuna kuti mukasewere ku Chitowe, ku Dedza, ku Mzuzu, pa mabwalo pomwe mpira sugudubuzika ngati pa kapeti wa pa Kamuzu Stadium, n'kupezabe chigoli chimodzi chonyansa chija chomwe palibe amene adzachikumbukire. Chikho chilibe mawa. Goloboyi wa timu ina akadzuka bwino tsiku limenelo, kapena wotchinga kumbuyo wanu akaterereka kamodzi, basi mwatuluka, ngakhale mutakhala kuti mpira wonse unali kumapazi kwanu.

Ndiye kuti timu itenge zonse m'chaka chimodzi, iyenera kukhala ndi anthu okwanira kusewera Lachitatu, Loweruka, Lachitatu linanso, kwa miyezi, popanda mphamvu kutsika. Apa ndi pomwe ine ndimaika yankho langa, bambo. Bullets inaposa anzake pa benchi. Osewera khumi ndi mmodzi oyamba a Silver kapena a Wanderers akanatha kulimbana ndi a Bullets tsiku lililonse, ndipo ankalimbana nawodi. Kusiyana kunkaoneka wina akavulala, wina akalandira makadi, ena akaitanidwa ku Flames. Matimu ena zikatero ankalowetsa mnyamata wongotseka mpata. Bullets inkalowetsa munthu woti ku timu ina iliyonse akanayamba masewero.

Anthu amenewa sanagwe kumwamba. Kumbukirani zomwe zinachitika chaka cha 2022 mu chikho cha FDH chomwecho: ndime yotsiriza inali ya Bullets ndi Bullets Reserves, akulu ndi ana awo. Timu ya achinyamata, yomwe inkasewera ligi ya m'chigawo cha kummwera pansi pa mphunzitsi Enos Chatama, inadutsa ndime zonse mpaka kukakumana ndi akuluakulu a pakhomo pomwepo. Ambiri tinaziseka ngati nthabwala, ena n'kumati masewerowo zotsatira zake zinali zodziwikiratu. Koma uthenga wake unali woopsa kwa matimu ena onse. Patrick Mwaungulu, Lanjesi Nkhoma, Hassan Kajoke, Ernest Petro, onsewa anadutsira ku Reserves. Mnyamata wotere akamakwera ku timu yaikulu amakhala akudziwa kale kaseweredwe kake, akudziwa kulemera kwa jezi yofiira ndi yoyera, ndipo mkokomo wa masapota pa Kamuzu Stadium sumunjenjemeretsa miyendo. Timu yogula osewera asanu ndi atatu atsopano chaka chilichonse imataya miyezi itatu yoyamba anthu akuphunzirana mayina, pomwe anzawo akutolera mapointi.

Pamwamba pa izi panali mphunzitsi mmodzi kwa zaka zambiri. Kalisto Pasuwa anabwera kumapeto kwa 2018 kuchokera ku Zimbabwe, komwe anali atatenga kale ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014. Mpira wake sunali wosangalatsa maso nthawi zonse, ndipo masapota a Maule eniake ankadandaula timu ikagoletsa chimodzi n'kutseka pakhomo. Koma munthuyu ankadziwa kuwerenga kalendala. Ankadziwa masewero oti apumitse wina, ndi masewero oti kufanana mphamvu koyenda n'kokwanira. Werengani aphunzitsi amene anadutsa ku matimu ena akuluakulu pa zaka zisanu zomwezo, muona kusiyana kwake. Kuno kwathu mphunzitsi akagonja kawiri motsatizana masapota amakhala atafika kale pageti.

Ndalama nazo tisazibise. Kuchokera pomwe Nyasa Manufacturing Company inatenga timuyi, inayamba kuyendetsedwa ngati kampani, ndipo mu 2023 First Capital Bank inalowapo ndi thandizo lake, n'chifukwa chake dzina linayamba ndi FCB. Wosewera amene akudziwa kuti malipiro abwera mwezi ukatha amaika mtima pa mpira. Komabe ndalama zokha sizikanakwanira, chifukwa Silver ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake, ndipo Wanderers nayo sinali yosauka chaka chimenecho.

Tsopano za anzanu aja. Oimbira athu amalakwitsa, ndipo n'zoona kuti bwalo likadzaza ndi anthu a timu imodzi, wa mluzu naye ndi munthu, mtima umagunda. Timu yaikulu imapindulako ndi zimenezi kulikonse padziko. Koma penate yokayikitsa ingakupatseni mapointi awiri kapena atatu apa ndi apo. Singakuyendetseni masewero 30 ndi zikho zitatu. Za asing'anga sinditayapo nthawi. Tonse taonapo matimu akukana kulowera pageti, ena akuwaza madzi pagolo, ndipo ochita zimenezi ali pamwamba pa ligi ndi pansi pomwe.

Zoti matimu ena anali mtulo ndiye ndikukana ndithu. Silver inali pamsana pa Bullets mpaka kumapeto kwa ligi, n'kudzaifikitsanso pa mapenate mu Castel. Chitipa United inavutitsa matimu akuluakulu chaka chonse. Mafco kufika ndime yotsiriza kawiri si tulo ayi. Ngakhale womwetsa zigoli zambiri mu ligi sanali wa Bullets, anali Clement Nyondo wa Dedza Dynamos. Kwa ine ichi chikutsimikiza nkhani ya benchi ija: zigoli za Maule zinkachokera kwa anthu ambiri, ndiye kutseka mmodzi sikunkathandiza.

Mwayi unalipo, ndipo wa Bullets aliyense woona mtima avomereza. Mapenate a mu Castel akanatha kupita kwina, ndipo lero tikanakhala tikukamba za zikho zitatu. Chaka chotsatira chinaonetsa zimenezi poyera. Mu 2024 Bullets inafikanso ndime yotsiriza ya FDH, mapenate n'kuikana, chikho n'kupita kwa Blue Eagles. Ligi inapita ku Silver, yomwe inkaphunzitsidwa ndi Peter Mponda, yemwe anali kaputeni wa Bullets kalelo komanso wothandizira Pasuwa. Castel inapita kwa Manoma, a Wanderers. Maule anatsala ndi Airtel Top 8 yokha. Chaka chomwecho Mwaungulu ndi Lanjesi anapita kukasewera ku DRC, ndipo mpata wawo unaoneka.

Pali china chomwe anzanuwo sanatchule, koma chikanawathandiza pamkangano wawo kuposa nkhani ya oimbira. Timu yomweyi, chaka chomwechi, itatuluka kunja inaoneka msinkhu wake weniweni. Mu CAF Champions League inadutsa Dragon ya ku Equatorial Guinea, kenako inakumana ndi TP Mazembe: 1-0 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, 4-0 ku Lubumbashi, osagoletsa ngakhale chimodzi. N'chifukwa chake akuluakulu amene anaona Bakili Bullets ya Kinnah Phiri mu 2004 sagwedezeka ndi zikho zinayizi. Timu ija inatulutsa Orlando Pirates n'kukafika m'magulu, komwe inasewera ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Pa mpira wa m'dziko muno, 2023 ndiyo ili pamwamba. Tikakamba zoimirira pamaso pa Africa, ine ndili mbali ya akuluakuluwo.

Funso lanu lachiwiri ndi lowawa, chifukwa chaka chomwe Maule ankanyamula zikho, Red Lions inkatuluka mu ligi, pamodzi ndi Blue Eagles ndi Extreme FC. Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine momwe zinalili: bwalo la pa Community Centre likumangidwabe, timu ya ku Zomba n'kumasewera masewero a pakhomo ku Balaka. Munthu wa ku Matawale, ku Sadzi kapena kwanu ku Chinamwali kuti akachemerere timu yake, ayambe wapeza ya minibasi yodutsa ku Liwonde, kupita ndi kubwera, kuonjezera ya pageti. Ambiri ankangotsatira pa wailesi. Timu yotere imakhala ikusewera masewero onse 30 koyenda, pomwe Bullets ikakhala pa Kamuzu Stadium alendo amalowa atagonja kale theka. Ana a ku Zomba nawo amakula osaona mpira wa ligi ndi maso, ndiye musadabwe kuti mumsika wa Zomba majezi ochuluka ndi a matimu a ku Blantyre ndi a ku England.

Zikho zinayi m'chaka chimodzi, bambo, tisanamizane, si za posachedwa kuno. Koma timu ya asilikali, ngati Red Lions yanuyi, kutenga ligi zinachitikapo: Kamuzu Barracks inatero mu 2016. Matimu a asilikali ali ndi mwayi umodzi womwe ena alibe, woti wosewera ali pantchito yokhazikika ndipo sathawa chifukwa cha malipiro. Vuto lawo ndi loti ntchito yomweyo imatha kumutenga pakati pa ligi, kupita kumaphunziro kapena kwina komwe watumidwa, ndipo mpata wake sungatsekedwe pongopita kumsika wa osewera ngati momwe amachitira a ku Blantyre. Ndiye benchi ija imafunika kwambiri kuno kuposa kwina kulikonse, ndipo iyenera kuchokera pafupi: m'masukulu a sekondale, ku Chanco, m'matimu a m'makwalala omwe amasewera pa mabwalo afumbi Loweruka masana. Anyamata a mpira ku Zomba aliko, koma amene amawaona msanga ndi anthu ochokera ku Blantyre.

Khomo lomwe lili pafupi ndi la chikho. Zikho ngati FDH ndi Castel zakhala zikulola matimu a m'zigawo kulowa nawo, ndipo kumeneko simufunika miyezi isanu ndi itatu yosagwa, mufunika masiku ochepa abwino ndi goloboyi wolimba mtima. Blue Eagles ija, timu ya apolisi, yomwe inatenga FDH mu 2024, inali isali mu ligi yaikulu. Inali ikusewera m'chigawo chapakati, itatuluka limodzi ndi Red Lions yanuyo miyezi ingapo m'mbuyomo. Mukabwerera kwa anzanu aja, afunseni chomwe chinaletsa Mikango ya ku Zomba kuchita zomwe apolisi a ku Nankhaka anachita.