Ndalama za ku Joni zikubwera mwezi ndi mwezi, nanga bwanji palibe chosunga?

Mayi wina wa ku Mangochi watilembera pa imelo. Amuna awo ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, amatumiza ndalama pa Mukuru mwezi uliwonse, koma pakhomo palibe ngakhale njerwa imodzi. Akufunsa kuti vuto lili pati.

Mayi, musafulumire kudziona ngati osakaza. M'mabanja ambiri ndalama yotumizidwa sionjezera pa zomwe banja limapeza kale, imangolowa m'malo mwake. Bambo atachoka kumunda kwachepa manja, geni ya mandasi yaima poti "zibwera kumapeto kwa mwezi", ndiye ndalama imene inayenera kukhala yapadera ikuthera ufa, sopo ndi ndiwo. Komanso mudzi wonse ukudziwa kuti kwanu kuli wa ku Joni. Maliro, fizi ya mwana wa alamu, ngongole ya apongozi, zonse zimafika tsiku lomwe meseji yalowa mufoni.

Ndalama yosunga ipatulidwe bambo asanatumize. Ikafika yonse pamodzi pa Airtel Money kapena Mpamba, simuipatulanso. Tiyerekeze amatumiza R2,000: gwirizanani kuti R1,300 ndi yapakhomo, R500 ipite kwina komwe simukutapako mwachisawawa, monga ku akaunti ya kubanki kapena ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsana ndalama), ndipo R200 ndi ya abale. Ya abale ikatha yatha, ndipo mawu amenewa awauze ndi bambo eni ake pafoni, kuti inu musatchedwe mkazi woumira. Kutumiza kamodzi pamwezi kumaposanso kutumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse, chifukwa nthawi iliyonse mukatapa kwa ejenti amakudulani.

Chovuta kwambiri ndi kusunga m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiwongola dzanja cha akaunti wamba sichithamanga ngati mitengo ya zinthu. Amene anasunga ndalama ya malata 30 anadzapeza kuti sikukwananso. Ena amati ndiye bambo azisunga ma randi komweko. Zimatheka kwa amene ali ndi mapepala ndi akaunti. Kwa amene alibe, ndalama imagona pansi pa matiresi m'kanyumba ka lendi, ndipo akagwidwa n'kupita ku Lindela (kumalo osungirako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo) nthawi zambiri imatsala komweko.

N'chifukwa chake timalangiza kuti ndalama ya kubanki ikhale yochepa, yokwana miyezi iwiri kapena itatu ya chakudya ngati bambo ntchito itawathera. Yotsalayo isanduke katundu msanga. Malata amasungika zaka, bola ali pouma ndipo sanagone pansi. Sankhani geji 28, poti nambala ikakula malata amakhala opyapyala. Simenti musagule mpaka m'misiri atakonzeka, imauma m'thumba pakapita miyezi yochepa. Chimanga gulani mu Meyi kapena Juni chikadali chotchipa, chiume bwino, muthire mankhwala a anankafumbwe kapena muike m'matumba a PICS (matumba osungira mbewu osalowa mpweya); pofika Januwale mudzakhala mukudya chanu anzanu akugula pamtengo wokwera. Fetereza nayenso mugule nthawi yachilimwe, osadikira mvula. Ngati n'kugula malo, pakhale amfumu, mboni ndi kalata yolembedwa dzina lanu kapena la bambo, osati la achimwene awo amene anakaonako.

Banki mkhonde ndi yabwino pophunzitsa kuponya sabata ndi sabata, koma chenjerani ndi magulu okakamiza aliyense kutenga ngongole. Mukatenga popanda geni, chiwongola dzanja chake chidzabwezedwa ndi ndalama ya ku Joni yomweyo. Ndipo tsiku logawana likamayandikira, kawirikawiri mu Disembala, mukhale mutadziwiratu chogula, chifukwa Khrisimasi ili pakhomo.

Geni ija ya mandasi iyambirenso. Ikamagula ndiwo ndi sopo, R500 ija ingathe kufika R800 bambo osaonjezera kalikonse.