Kodi mayi wa ku Auschwitz "anachira"?

Funso: Ndikulemba za mzamba wa ku Poland, Stanisława Leszczyńska, amene anatsekeredwa ku Auschwitz, malo amene Ajeremani a chipani cha Nazi ankatsekerako ndi kupherako anthu pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu 1943 n'kumathandiza amayi apakati komweko. Ndilembe kuti amayiwo anachira kapena anabereka? Nanga malowo ndingoti kampu? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, tiyambe ndi chophwekacho. Kampu ayi. Mwana wa fomu 2 akamva kampu aganiza za asilikali kapena msonkhano wa achinyamata a kutchalitchi. Lembani kuti ndende yachibalo. Chibalo agogo athu amachidziwa, makamaka amene anathawa Apwitikizi ku Mozambique, ndi ntchito yogwira ndi chikoti kumsana. Mawuwa sakwanira pa Birkenau, gawo lina la Auschwitz, poti kumeneko cholinga chinali kupha kumene, ndiye pamenepo mutha kunena kuti ndende yopherako anthu.

Koma za kuchirazi ndiye mwandikanda poyabwa. Ife mayi woyembekezera timati ndi wodwala, akabereka timati wachira. Agogo anga aakazi ankati mawu oti pakati amatanthauza kuti munthuyo ali pakati pa moyo ndi imfa, ena amatsutsa amati n'pakati pa thupi basi, koma ine ndili mbali ya agogo ndipo sindisuntha. Ndiye kuchira ndi kuwoloka, ngozi yatha, azimayi aluluta kuchikuta, phala likubwera. Osati zamasiku ano zoti "wadiliva", ngati munthu wabweretsa matumba a simenti pa lole, ine zimandinyansa zimenezi.

Tsono taganizani za ku Auschwitz. Mayi wachiyuda wooneka kuti ali ndi pakati akangotsika sitima ankamutumiza kukaphedwa ndi gasi, n'chifukwa chake ambiri ankabisa. Dokotala wachiyuda Gisella Perl, mkaidi mnzawo, mu 1944 ankachotsa mimba mobisa usiku, opanda zipangizo, kuti Josef Mengele, dokotala wa chipani cha Nazi pandendepo, asadziwe ndipo mayiyo akhale moyo. Leszczyńska yekha anati anathandiza pa kubadwa kwa ana pafupifupi 3,000 ndipo otsala ndi moyo m'ndendemo anali ngati 30 okha, ena anamizidwa m'madzi, ena anafa ndi njala ndi kuzizira poti mawere a amayi awo anali ouma. Mayi wotereyo wachira chani? Ngozi imayamba kumene mwana akalira. Mukalemba kuti anachira mwaika nthungululu pamene panalibe.

Ndiye lembani kuti anabereka. Ndikudziwa akuluakulu ena amati mawuwa ndi osabisa, koma si otukwana, si kuswa kwa mbuzi. Komabe nawonso amandibaya penapake, poti kubereka kwathu kuli pawiri, kubala mwana komanso kumuika kumsana, ndipo ine ndimati mbereko inachokera pomwepo, makolo sankaona kusiyana, wabala ndiye kuti abereka. Amayi ambiri a kumeneko anangochita koyambako.

Kuchira kusungireni ochepa aja amene anatulukadi. Anka Bergman anabereka mwana wake Eva pa geti la Mauthausen, ndende ina yachibalo ya ku Austria, pa 29 April 1945, patangotsala masiku ochepa kuti asilikali a ku America afike, ndipo onse awiri anakhala moyo mpaka kukalamba. Ameneyo mukalemba kuti anachira sindikudulani malikisi, bola chiganizocho muchiike pambuyo pa kufika kwa asilikaliwo.